Mkombero wa Kuseri kwa Nyumba ya Amayi

M'kalasi mwathu mu Sitandade 5 munali kachipangizo kamodzi kokha koyezera ngodya. Aphunzitsi ankakatchula kuti pulotalakita. Kanali kooneka ngati mwezi wodulidwa pakati, kachikasu chifukwa cha kukhalitsa, ndipo m'mphepete mwake munali timizere tothithikana ngati mano a chipeso. Aphunzitsi ankakasunga m'thumba la malaya awo. Nthawi ya jometiri ikakwana kankayenda benchi ndi benchi. Aliyense ankakagwira pang'ono, kuyeza ngodya imene yalembedwa pa sileti yake, n'kupatsira mnzake. Koma kakafika kwa mkulu wanga kankachedwa pamenepo.

Ine ndi mkulu wanga tinali m'kalasi imodzi ngakhale iye ndiye woyamba kubadwa. Anachedwa kuyamba sukulu chifukwa ndiye ankalera ang'ono athu amayi akapita kumunda, pakuti abambo anapita ku Halale ndipo mpaka lero sanabwere. Ali wamng'ono anadwala chikuku, diso lakumanzere n'kuchita ng'ala. Lakumanja linkaona, koma zinthu zazikulu zokha. Za pabolodi ankawerenga atakhala benchi yakutsogolo, ndipo buku ankaliyandikiza kumaso. Timizere ta pakachipangizo kaja sankationa n'komwe. Ankawerama mpaka mphuno kukhudza sileti, anyamata akumbuyo n'kumanong'onezana mokweza.

"Taonani, akununkhiza ngodya!"

"Yapsa kapena sinapse, mayi?"

Iye ankatembenuka n'kuwauza kuti yapsa, abwere ndi mbale. Mkulu wanga sanali wamanyazi ngati ine. Kenako ankangotchula nambala iliyonse imene yamubwerera, aphunzitsi n'kupukusa mutu.

Chaka chitatha analephera. Maphunziro ena anakhoza, koma pepala la masamu linamugwetsa, makamaka mafunso a ngodya. Zaka zimenezo ana amene akula kwambiri sankaloledwa kubwereza kalasi, ndipo mkulu wanga anali namwali kale. Aphunzitsi athu anali munthu wofatsa. Tsiku lotsekera anaitana amene analephera pang'ono n'kuwauza kuti adzawayesanso m'mawa wa tsiku lotsegulira. Wokhoza adzapitirira ku Sitandade 6. Wolephera asadzabwerenso.

Kwa mkulu wanga kusabwereranso kunkatanthauza chinthu chimodzi. Panali mwamuna wina wa cha ku Kabudula, mlimi wa fodya wa chikopa, amene anamufunsira kudzera mwa ankhoswe ake chaka chapitacho. Anapereka chikole, ndipo amalume athu, amene ali eni mbumba yathu, analandira. Koma amayi anawadandaulira mpaka amalume ananena pamaso pa ankhoswe kuti mwamunayo adikire. Anati sukulu ikamamusunga mwanayu ukwati udikira, ikamubweza adzaonetsa mkamwini malo omanga nyumba. Kwathu mwamuna ndi amene amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo nyumba yake imamangidwa pafupi ndi ya apongozi ake.

Tikubwerera kumudzi tsiku limenelo, panjira yodutsa kudambo, mkulu wanga anandifunsa osandiyang'ana.

"Iwe, timizere tija utiona tonse?"

"Nditiona."

"Tonse tonse?"

"Inde, akulu."

"Ndiye undiphunzitse. Sindikufuna kudzasuta utsi wa chikopa ine."

Ndinali ndi kope lakale limene ndinkalembamo zinthu zazing'ono za tsiku, monga mphepo, nkhuku imene yaswa, ndi mawu amene wina wanena. Tsiku limenelo ndinalemba kuti akulu apempha kuti ndiwaphunzitse, ndipo sindikudziwa poyambira.

Tinayamba ndi sileti, koma sizinathandize. Ndinajambula kachipangizo kaja pachikuto cha kope, koma pensulo yanga inalemba timizere tating'ono kuposa ta aphunzitsi. Tinayesa lichero. Ndinaika zizindikiro za makala pamkombero wake, iye n'kumaziona, koma amayi analifuna kuti apetere ndipo makala anathera mu ufa. Pomaliza mkulu wanga anataya sileti pamphasa.

"Chinthuchi chikanakhala chachikulu ngati bwalo ndikanachidziwa tsiku limodzi."

Ndinamuyang'ana, iyenso n'kundiyang'ana ndi diso lake labwino lija.

Kuseri kwa nyumba ya amayi kunali malo osalala, olimba, pamene kale panali nkhokwe ya mtedza. Malo ena onse pakhomo pathu anali otsetsereka kapena a miyala. Tinasesa pamenepo. Chingwe tinachipeza chopachikidwa pansi pa tsindwi la khonde, cha khonje, chokhala kale ndi mfundo yokolera mbali zonse ziwiri. Sitinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani chinali chokonzeka chotero. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti ndi chimene amalume analembera nyumba ya amayi, ndi ya amayi aakulu, ndi zina zonse za mbumba yathu.

Ndinakhoma chikhomo pakati n'kukolera chingwe. Mkulu wanga anagwira kamtengo kosongoka kunsonga inayo n'kuyenda chowerama, akulemba pansi, mpaka anabwerera pamene anayambira. Anaweramuka n'kupukuta manja.

"Uwu ndiye ndikuuona," anatero.

Aphunzitsi anatisonyezapo pabolodi kuti muyeso umene walemba mkombero umauzungulira kasanu n'kamodzi ndendende. Ndinkaopa kuti pansi sizitheka, koma zinatheka. Tinayenda ndi chingwe chomwecho m'mphepete, tikukhoma chikhomo pamene chathera, ndipo chomaliza chinagwera pa choyamba. Danga lililonse linali madigiri 60. Tinapinda chingwe pakati kuti tipeze 30. Kugawa patatu kuti tipeze makumi ndi kumene kunativuta. Tinkakhoma, kuyeza ndi kaphesi, kuzula, kukhomanso, mpaka dzuwa linatiwotcha m'khosi. Zikhomo tinasema za nsungwi. Za pa 30, 60, 90 ndi zinzake tinazisiya zazitali, ndipo mkulu wanga anazitema mipata kuti azizizindikira ndi chala.

Poyambira tinaloza kumtengo wa mango. Nainte, ndiye kuti 90, inagwera kunkhokwe ya chimanga. Wani eite, ndiye kuti 180, inaloza njira ya ku Nsaru.

M'mawa uliwonse tikatha kusinja tinkapita kumeneko. Ndinkagoneka nsungwi ziwiri zazitali kuchokera pachikhomo chapakati, imodzi kuloza kumango, inayo kulikonse kumene ndafuna. Mkulu wanga ankayamba waima pakati n'kunena zimene maso ake akumuuza, kenako n'kuyenda m'mphepete akuwerenga zikhomo ndi chala chakuphazi.

"Teni, twente, sate. Fote. Fote ndi kachidutswa."

"Kachidutswa kotani?"

"Theka. Fote faifi. Aphunzitsi, mwandipatsa yophweka."

Ankanditcha aphunzitsi pofuna kundichititsa manyazi, ndipo zinkathekadi. Koma ankaphunzira mofulumira kuposa mmene ine ndinaphunzirira. Anazindikira yekha kuti ngodya sikula chifukwa nsungwi zatalika, chinthu chimene anyamata ambiri m'kalasi mwathu sanachimvetse chaka chonse. Anazindikiranso kuti zitatu za m'kati mwa chojambula cha mbali zitatu zikaphatikizidwa zimafika panjira ya ku Nsaru nthawi zonse. Ang'ono athu ndi ana a amayi aakulu ankabwera kudzaima pazikhomo zazitali, aliyense n'kukhala nambala, n'kumalimbirana kukhala nainte chifukwa inali pamthunzi wa nkhokwe.

Maganizo anga anali akuti akadziwa ngodya ndi maso, ndiponso akadziwa kuti nambala iliyonse imakhala pati, ndiye kuti pakachipangizo ka aphunzitsi adzangofufuza timizere tatitali tokha ndi chikhadabo, n'kutchula nambala yoyandikira. Sindinkadziwa ngati aphunzitsi angavomere yoyandikira. Zimenezi sindinamuuze, koma m'kope ndinalemba kuti mwina sizikwanira.

Tsiku lina m'mawa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anadzera kuseriko akuchokera kuchitsime, mtsuko uli pamutu. Nthawi zonse ankadzera kutsogolo, koma tsikulo ankathawa galu wa amalume. Anaima. Anayang'ana mkombero, zikhomo, chingwe chili pachikhomo chapakati, ndi mkulu wanga ataima pakatipo. Anatula mtsuko n'kuyamba nthungululu.

"Ee! Ee! Nyumba yalembedwa ife osadziwa!"

Amayi ena a m'mudzi anathamangira, ena ndi misi m'manja.

"Kodi mkamwini uja wafika usiku?"

"Ayi, namwali wadzilembera yekha. Watopa n'kudikira!"

"Taonani zikhomo kulongosoka kwake. Amuna a m'mudzi muno akhoma chonchi liti?"

Mkulu wanga anaseka nawo poyamba. "Ndi za kusukulu izi, amayi."

"Inde, mwanawe, sukulu yake ndi imeneyo. Tonsefe tinaphunzira yomweyo."

Ine ndinayesa kulankhula. Ndinati ndi pulotalakita, koma mawu anga sapita patali ngakhale ndifune.

"Wati chiyani uyu?"

"Akuti pulota chakuti."

"Ndi dzina la mwana woyamba limenelo, eti? Mwakonzeka kale, anthu inu!"

Anaseka mpaka wina anakhala pansi. Palibe amene anali ndi mtima woipa. Anaona mkombero wa muyeso wa nyumba, wolembedwa ndi chingwe cha nyumba, pamalo enieni pamene nyumba ya mwana woyamba wamkazi imayenera kukhala. Ife tokha ndi amene sitinaone zimenezo.

Madzulo amayi anatiitana. Iwo ankadziwa chimene tinkachita, chifukwa tsiku lina anaima pa sikisite atabereka mwana, akuseka. Koma tsikuli sanaseke.

"Mawa muzule zikhomozo."

"Amayi, kwatsala pang'ono," anatero mkulu wanga. "Tikazula ndiphunzirira pati?"

Amayi aakulu anali pomwepo akusenda mtedza. Anakweza mutu.

"Kuzula? Mudzi wonse waona. Mukazula anthu adzati namwali wamukana mwamuna. Ndiye alongo athu abweze chikole? Ayankhe chiyani kwa eni ake?"

Pamenepo amayi anati tizisiye mpaka amalume abwere, pakuti anali ku maliro ku Namitete. Zikhomo zinakhala, ndipo ife tinapitiriza kuphunzira, koma ana sankabweranso kudzakhala manambala. Ankaima patali n'kumaimba nyimbo za ukwati.

Nkhani inapita kumsika wa ku Nsaru ndi amayi ogulitsa mtedza, ndipo kuchokera kumeneko inafika kwa eni ake. Amalume anabwera madzulo ena, n'kuzungulira mkombero uja manja ali kumbuyo. Amayi anawafotokozera kuti ndi masamu a ana. Iwo anangoti, "Mm." Akanakhala ndi masiku angapo mwina akanatumiza mawu ku Kabudula kuti anthu asamve molakwa. Koma m'mawa mwake ankhoswe awiri a mwamuna uja anafika ndi tambala woyera atamumanga miyendo.

Ine ndi amene ndinatumidwa kukapereka madzi akumwa. Ndinagwada pakhonde la amalume ndi chikho, ndipo chifukwa palibe amene amandizindikira ndikakhala chete, ndinamva zonse.

"Tamva kuti malo mwationetsa," anatero wamkulu mwa awiriwo. "Tinati tisachedwe kudzathokoza. Mwana wathu wayamba kale kudula mitengo."

Amalume anayang'ana tambala uja. Anayang'ana cha kunyumba kwa amayi.

"Mwamva zoona," anatero.

Alendo atapita amayi anabwera akuthamanga, osasamala kuti anthu akuona.

"Alongo, munalonjeza!"

"Ndinati sukulu ikamamusunga. Sukulu yamubweza kale. Zotsalazo ndi chifundo chabe cha aphunzitsi."

"Adzakhoza. Mukanaona mmene akudziwira."

"Ndikanati chiyani kwa anthu aja? Kuti m'mbumba mwanga ana amalemba nyumba ine osadziwa? Kuti abwerere ndi tambala wawo, tinkangosewera?" Amalume sanakweze mawu. Ankaoneka otopa ndi ulendo. "Mwana ali ndi diso limodzi, mlongo wanga. Munthu wamufuna ndi diso lomwelo. Tikamukhumudwitsa uyu, wina adzabwera liti?"

Amayi anabwerera akupukuta nkhope ndi nsalu. Ine ndinali nditagwadabe pomwepo ndi chikho chopanda madzi. Sindinayambe ndalankhulapo kwa amalume iwo asanandifunse, koma tsikulo ndinalankhula.

"Amalume, si nyumba."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero. "Koma tsopano ndi nyumba."

Mkulu wanga sanalire. Anati mitengo sinafike, ndipo tsiku lotsegulira likhoza kufika mitengo isanabwere. Anati akakhoza mayeso aphunzitsi adzabwera okha kudzalankhula ndi amalume, ndipo amalume amaopa anthu ovala nsapato. Tinkadzuka m'mamawa kwambiri kuposa kale. Masiku amenewo ndi amene anakhoza koposa. Ndinkagoneka nsungwi, iye asanayende n'komwe n'kunena nambala, ndipo tikawerenga zikhomo inkapezeka yomweyo kapena yoyandikana nayo. Ndinayesa kumupusitsa ndi handiredi sate faifi, ndi twente faifi, koma sanapusitsike.

"Aphunzitsi, zatha? Mulibenso zina?"

"Zatha, akulu."

"Ndiye nditengereni kwa aphunzitsi enieni."

Mitengo inafika pangolo ya ng'ombe. Mwamunayo anabwera ndi abale ake awiri. Ndinkafuna kumuda, koma sanandipatse chifukwa. Anali wamtali, wolankhula pang'ono, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Anavula chipewa popereka moni kwa amayi aakulu, ndipo amayi atatulukira anapatuka panjira monga achitira mkamwini. Atafika pamkombero anagwada n'kuyeza mipata ya zikhomo ndi dzanja, umodzi umodzi.

"Analemba ndani apa?"

"Ana," anatero amalume.

"Sindisuntha n'chimodzi chomwe. Chikhomo chilichonse ndi dzenje la nsichi."

Ndipo anachitadi zomwezo. Ankazula chikhomo, kukumba dzenje pomwepo, kuimika mtengo, n'kupita pa chotsatira. Anayambira kumango. Ine ndinaima pakona ya nyumba ya amayi n'kumawerenga mumtima, teni, twente, sate. Pachikhomo chapakati anaimikapo mzati. Zikhomo zathu anaziunjika bwinobwino pambali, ndipo madzulo amayi aakulu anazitenga kukasonkhezera moto.

Mwamunayo atafika cha kunkhokwe anaima n'kufunsa amayi aakulu kuti khomo liloze kuti. Iwo anatembenukira kwa mkulu wanga, amene anali atakhala pansi chapatali, nsalu itaphimba mutu monga ayenera kukhalira namwali pamaso pa mwamuna wake.

"Mwini nyumba anene. Khomo likhale pati?"

"Kuyambira pa nainte mpaka pa handiredi teni," anayankha m'nsalumo.

"Akuti chiyani?" anafunsa mwamunayo.

"Akuti apa ndi apa," ndinatero ine, n'kupita kukaloza.

Mwamunayo anayeza ndi mkono n'kugwedeza mutu. "Khomo labwino," anatero.

Anamanga mbariro, n'kukonza mapaso a denga pansi. Kenako amalume analengeza tsiku lophoma, loti mudzi wonse udzathandize, amuna kuponda dothi ndi kumata, akazi kutunga madzi. Sindikhulupirira kuti anasankha dala. Mowa wa anthu othandiza unali utapsa, ndipo mowa sudikira. Koma tsikulo linali lomwelo lotsegulira sukulu.

Dzulo lake mkulu wanga anachapa diresi lake la kusukulu n'kuliyanika m'kati mwa gowelo lathu kuti anthu asalione. Tinapangana kuti tinyamuke kusanache, tidzere kudambo. Anati akabwera atakhoza, amukalipire mmene angafunire.

Tinadzuka tambala atalira kachiwiri. Anavala diresi n'kumanga nsalu pamwamba. Nditatsegula chitseko ndinapeza amayi aakulu ali pakhomo ndi mitsuko iwiri, ndipo kumbuyo kwawo kunali amayi ena akudikira, akuyasamula. Sanabwere kudzatigwira. Anabwera kudzatenga mwini nyumba kuti atsogolere kuchitsime, chifukwa mtsuko woyamba wa madzi ophomera amatunga ndi iye.

"Wadzuka kale! Taonani changu cha mwini nyumba."

Kenako amayi aakulu anaona kolala ya diresi ikutuluka pamwamba pa nsalu. Anasiya kuseka. Anayandikira n'kulankhula motsitsa, kuti ena asamve.

"Mwana wanga, anthu asiya ntchito zawo kudzakumatira nyumba. Ukachoka, amayi ako adzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Mkulu wanga anayang'ana kunyumba kwa amayi. Amayi anali ataima pakhomo, mwana ali kumsana. Sanamuuze kuti apite, sanamuuzenso kuti akhale. Mkulu wanga anakankhira kolala m'kati mwa nsalu n'kunyamula mtsuko.

"Pita, iwe," anandiuza. "Uchedwa."

Ndinayenda ndekha. Kusukulu aphunzitsi anaitana oyesedwanso kuti akhale kutsogolo, enafe tikhale kumbuyo mwakachetechete. Anayang'ana malo a mkulu wanga, kenako anayang'ana ine.

"Mkulu wako ali kuti?"

Ndinaimirira. "Akuphoma nyumba, aphunzitsi."

Anyamata anayamba kuseka koma aphunzitsi anawayang'ana, iwo n'kusiya. Kenako aphunzitsi anatembenukira kubolodi.

Kachipangizo kaja sanakatulutse n'komwe m'thumba. Anajambula ngodya zitatu pabolodi, zazikulu, ndi choko chokandapala, n'kunena kuti aliyense alembe kukula kwake mongoyerekeza ndi maso, ndipo woyandikira akhoza. Kenako anati ajambule pa sileti ngodya ya madigiri 60 ndi ya 135. Sindikudziwa ngati anakonza mayeso otero chifukwa cha mkulu wanga. Sindinawafunse, ndipo iwo sananene. Ndinangokhala kumbuyoko n'kumayang'ana bolodi. Yoyamba inali 45. Yachiwiri inali 120. Yachitatu inatsala pang'ono kufika pankhokwe.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Anthu anali pakhomo pa amalume akumwa mowa ndi kuimba. Nyumba inali itamatidwa yonse, dothi likadali lonyowa, denga lisanaikidwe. Ndinalowa pakhomo lija. Mkulu wanga anali yekha m'katimo akutola zibuma zimene zinagwera pansi, miyendo yake ili matope mpaka m'mawondo. M'kati nsichi zinkaonekabe ngati nthiti pansi pa dothi.

"Anafunsa chiyani?"

Ndinaganiza zonama kuti anapereka kachipangizo kaja ndi timizere take. Koma mkulu wanga amadziwa mawu anga ndikamanama, ndiye ndinamuuza zonse monga zinalili. Anamvetsera osandiyang'ana.

"Jambula," anatero.

Ndinatola timitengo tiwiri totsala pa mbariro n'kutigoneka patsinde pa mzati monga inalili ngodya yachitatu, yovuta ija. Anaima n'kutsamira mzati. Anapendeketsa mutu kuti diso labwino lione.

"Eite."

"Eite," ndinavomera.

"Ina ija anati wani sate faifi?" Anatambasula mwendo n'kuloza ndi chala chamatope pakhoma, kupitirira khomo, pakati pa nsichi ziwiri. "Apo."

"Pomwepo, akulu."

Anagwedeza mutu. Anatola timitengo tija n'kutiponya kunja pamodzi ndi zibuma.

"Kanditungire madzi ndisambe. Akundidikira."

Tsiku limenelo m'kope ndinalemba mawu awiri okha, akuti akanakhoza zonse. Denga anaika sabata yomweyo. Mkulu wanga anazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo, ndipo timizere timene nsungwi zathu zinasiya tinakwiririka. Ukwati unachitika mvula isanagwe.

Tsopano ndili kusukulu yogonera komweko, ndipo ndili ndi kachipangizo kangakanga m'kabokosi ka chitsulo. Ndikapita kwathu pa tchuthi sindikatenga. Mkulu wanga ali ndi mwana wamkazi. Alamu anga samumenya, ndipo anamugulira nsalu ziwiri atagulitsa fodya. Nyengo yofukiza chikopa amathandiza kusonkhezera moto m'chigafa, ndipo diso labwino lija layamba kutuluka misozi nthawi zonse. Ulendo wathawu anandizindikira ndi mawu ndisanafike pafupi, koma anandifunsa kuti ndavala diresi la mtundu wanji. Amanditchabe aphunzitsi. Za kusukulu safunsa.

Pafupi ndi nyumba yake pali malo ena, otsetsereka pang'ono, amene amayi aakulu ayamba kuwasalaza ndi khasu akakhala alibe chochita. Akandiona amaseka n'kunena kuti chingwe chikadali pakhonde, ndikafuna ndidzilembere ndekha poti ndine katswiri.

Ndikalowa m'nyumba ya mkulu wanga dzanja langa limapita lokha pakhoma. Nsichi zimamvekabe pansi pa dothi, ndipo ndimayamba kuwerenga kuchokera kumbali ya mango. Ulendo wathawu ndinafika pa sikisite iye asanazindikire. Anali atakhala patsinde pa mzati akuyamwitsa mwana, nkhope italoza kukhomo.

"Leka, iwe," anatero. "Ugwetsa dothi."